Matsenga aulere sandikoka mtima

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipangitsa kutseka buku la fantasy, nkhani zopeka za matsenga zija, ndisanafike ndi pakati pomwe, ndipo si kunenepa kwa bukulo ayi, mabuku onenepa ndiye ndimawakonda. Ndi pamene mwini nkhani wapanikizika, adani amuzinga mbali zonse, ndiye mwadzidzidzi akutulutsa mphamvu imene sitinauzidwepo, kuwala kwatuluka m'manja, adani onse pansi, iye n'kusasa fumbi n'kumapitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Pamenepo ine chidwi chimatha basi. Ngati munthuyo angathe kupanga chilichonse nthawi iliyonse osaluza kanthu, ndimuderenji nkhawa?

Anthu amene sawerenga mabuku amtunduwu amaona ngati kulemba sci-fi (nkhani zopeka za sayansi) kapena fantasy ndi kophweka, ati poti zonse n'zopeka ungathe kungolemba zimene zakubwerera m'mutu. Sizili choncho. Amene akulemba za dziko lathu lomweli malamulo amawapeza alipo kale, tonse tikudziwa kuti munthu akagwa mumtengo amathyoka ndipo akafa wafa. Koma ukapeka dziko lako malamulo umaika wekha, kenako iwe mwiniwake uyenera kuwamvera mpaka peji yomaliza, ngakhale pamene akukuvutitsa. Ndipo lamulo limene ine ndimaliona lalikulu ndi lakuti chodabwitsa chilichonse pakhale wina wochilipira.

Taonani Dune ya Frank Herbert, ya 1965 ija. Anthu ambiri amakumbukira nyongolotsi zikuluzikulu za mumchenga ndi mankhwala otchedwa spice amene amapangitsa kuti zombo ziziyenda pakati pa nyenyezi, koma ine chimene chinandigwira ndi madzi. Pa pulaneti ya Arrakis anthu amavala zovala zimene zimatolera thukuta ndi mkodzo n'kuzisefa kuti amwenso, munthu akamwalira madzi a m'thupi mwake amabwerera ku fuko lake, kulavula malovu pamaso pa munthu ndi ulemu waukulu chifukwa wapereka madzi ako, ndipo wina akakhetsa misozi pa maliro anthu amadabwa kuti eee uyu akupereka madzi kwa wakufa. Ukawerenga zimenezo pakhosi pamauma ndithu. Palibe amene wakulalikira kuti dzikoli ndi louma, waona wekha zimene anthu akulipira kuti akhale ndi moyo tsiku limodzi. Ndipotu bukuli makampani ambiri analikana, mpaka linasindikizidwa ndi Chilton, kampani imene inkadziwika ndi mabuku ophunzitsa kukonza magalimoto.

Octavia Butler ndiye anachita kufika nazo patali mu Kindred, 1979. Dana, mzimayi wachikuda wokhala ku California mu 1976, amangozindikira wakokedwa kubwerera ku Maryland nthawi ya ukapolo. Mashini palibe, batani palibe, ndipo Butler safotokoza n'komwe kuti zikutheka bwanji. Chimene tikudziwa n'choti amakokedwa nthawi zonse mnyamata wachizungu Rufus, yemwe ndi kholo lake lakalekale, akakhala pangozi, ndipo amabwerera kwawo pokhapokha moyo wake womwe ukakhala pachiswe. Buku likungoyamba timauzidwiratu kuti pa ulendo womaliza anataya mkono. Ndiye umawerenga chaputala chilichonse ukudziwa kuti mkonowo upita, ukungodikira kuti upita liti, upita bwanji. Ine sindinafunsepo kuti kodi sayansi yake ndi yotani, mkono uja unandikwanira.

Chimene chimandinyansa ndi kulipira kwabodza, ndipo kwachuluka masiku ano. Mfiti yachita matsenga aakulu, magazi pang'ono atuluka m'mphuno, yakomoka, mawa lake yadzuka ili gwa ikudya. Kutopa si kulipira abale, tonse timatopa n'kugona n'kudzuka. Kulipira kwenikweni ndi kumene sikubwezeka. Mu A Wizard of Earthsea ya Ursula K. Le Guin, 1968, mnyamata Ged chifukwa cha matama akuitana mzimu wa munthu wakufa kuti aonetse mnzake kuti iye ndi katswiri, ndipo chimene chinatuluka ndi chimthunzi chimene chinamung'amba kumaso n'kumamusaka pafupifupi buku lonse, komanso mkulu wa sukulu yawo ya matsenga anafa potseka chimene mwanayo anatsegula. Zipsera sizinachoke. Kuyambira pamenepo Ged akangokweza ndodo umachita mantha naye limodzi.

Komatu sindikunena kuti zonse zizifotokozedwa ngati malamulo a gemu, akuti mphamvu iyi imadya mapointi akuti, iyo imatha pakapita mamineti akuti. Alipo amene amakonda zimenezo, ine zimanditopetsa. Gandalf, wamatsenga wa mu The Lord of the Rings ya Tolkien, sitidziwa bwinobwino kuti mphamvu zake zimalekeza pati ndipo palibe vuto, chifukwa si iye amene akunyamula mphete yoopsa imene iyenera kukawonongedwa. Akunyamula ndi Frodo, wapansi, ndi miyendo yake, ndipo pobwerera wabwera wopanda chala chimodzi komanso ndi bala limene silipola, mpaka kulephera kukhazikika kwawo kumene anakuvutikira.

Nkhani imene ndikulemba panopa imachitikira mu chombo cha m'mlengalenga chimene chili pa ulendo wautali kwambiri moti amene ananyamuka anafa kalekale, akuyendetsa ndi zidzukulu. Muli mashini amene angathe kuchiza pafupifupi matenda aliwonse, koma magetsi a m'chombomo ndi owerengeka, ndiye akayatsa mashiniwo nyale za m'chipinda cholimamo mbewu zimazima kwa masiku angapo. Mwini nkhani wanga si dokotala kapena kaputeni, ndi mzimayi amene ntchito yake ndi kusaina kuti mzere uti wa mbewu ukhale mumdima. Pali gawo lina limene wasaina kuti mwana wa mchemwali wake achizidwe, kenako usiku akulowa yekha m'chipindamo ndi tochi, akuyenda mu mzere umene wauzimitsira nyale, akugwira masamba amene ayamba kale kuwezuka ndi kuchita chikasu m'mphepete, akuwerenga mumtima kuti ndi mabanja angati amene achepetsedwe chakudya mwezi wamawa, ndipo mayina awo akuwadziwa onse chifukwa m'chombomo palibe mlendo. Gawo limenelo ndinalilemba mtima ukugunda, ndipo mashini ochizawo sakuonekamo ndi komwe.

Chimene ndazindikira n'choti ukangodziwa amene akulipira, zinthu zina zimabwera zokha. Ndale zimabwera, chifukwa wina ayamba kufunsa kuti bwanji ana a akuluakulu amachizidwa msanga. Chipembedzo chimabwera, pali gulu la okalamba amene amakana kulowa m'mashinimo ndipo anthu amawalemekeza ngati oyera mtima, ngakhale ena mwa iwo akungoopa kunenedwa. Ngakhale zotukwana za anthu a m'chombomo zimachokera ku mdima ndi nyale. Sindinakhale pansi kujambula mapu kapena kulemba mbiri ya zaka chikwi, zonsezi zatuluka mu siginecha ya mzimayi mmodzi uja.

Pamene pandiimitsa tsopano ndi pa mchemwali wakeyo. Poyamba ndimafuna asadziwe kuti ndani anasaina, koma ndikaganiza bwino, munthu amene mwana wake wachira pamene aneba ake akugona ndi njala sangakhale osadziwa, ndipo anebawo sangamulole kuti aiwale. Ndiye chaputala chotsatira akhala pa mzere wolandirira chakudya atagwira mwana uja dzanja, kumbuyo kwake kuli banja limene lachepetsedwa, ndipo wina ayenera kuyamba kulankhula.