Tsiku limene ndinafupikitsa njira ya Pythagoras

Ndinalowa m'kalasi tsiku limenelo ndikudzimva ukatswiri. Phunziro linali la object-oriented programming (kulemba mapulogalamu pogwiritsa ntchito ma class ndi ma object) m'chilankhulo cha kompyuta cha Python, ndipo ndinasankha chitsanzo choti sichingagwetse munthu: kadontho. Class yotchedwa Point, yokhala ndi x ndi y basi.

Ndinayamba ndi mbiri, poti ndimakonda kuoneka wowerenga. Ndinawauza za Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Norway, amene anabweretsa ma class m'chilankhulo cha kompyuta cha Simula 67. Kenako ndinati class ili ngati chikombole, ma object ndiwo njerwa: chikombole n'chimodzi, koma njerwa iliyonse ili ndi x ndi y wakewake. Ophunzira anagwedeza mitu. Ndinalemba __init__ (gawo lopatsa object yatsopano x ndi y wake), self (mawu oimira object yomweyo) ndinamuika pamalo pake, zonse zikuyenda myaa.

Apa m'pamene matama anandikwera.

"Tsopano kadontho kathu katiuze katalikira bwanji kuchokera pa (0, 0). x akhale 3, y akhale 4. Yankho?"

"5!" onse pamodzi. Ngakhale mnyamata wogona kumbuyo uja anadzuka, n'kunena 5, n'kugonanso.

Ndinalemba math.sqrt(self.x^2 + self.y^2), n'kudina Enter nkhope ili kwa ophunzira, ndikumwetulira. M'kalasi munangoti zii. Nditacheuka, kompyuta inali italemba 2.6457513110645907.

Tangoganizani: kadontho kayenda 3 cham'mbali, kakwera 4, koma mtunda wake osakwana ndi 3 yemwe. Ndinayendetsanso pulogalamu. Yankho lomwelo. Ndinatseka n'kutsegulanso. Lomwelo, osasintha ndi nambala imodzi yomwe. Ndinanena kuti makompyuta a masiku ano ngosadalirika. Thukuta lili kamukamu, ndinafika mpaka poyamba kumukayikira Pythagoras, munthu woti anamwalira zaka zoposa 2,000 zapitazo ndipo sanandilakwirepo.

Mtsikana wina wofatsa anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Pepani aphunzitsi, kachizindikiro ka ^ mwalembako mu Python ndi ka XOR, kofananitsa manambala awiri m'ma 0 ndi ma 1. Pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe pafunika nyenyezi ziwiri."

Chinandipweteketsa n'chizolowezi cha Excel, komwe ^ amachitadi ntchito imeneyo. Python sinadandaule n'komwe, inangomvera mwaulemu. Poti + amayamba kugwira ntchito ^ asanagwire, inaphatikiza 2 ndi 4 n'kupeza 6. Kenako 3 XOR 6 inapereka 5, ndipo 5 XOR 2 inapereka 7, ine n'kutenga square root ya 7 kuonetsa anthu. Chowawa n'chakuti 5 wathu uja anadutsamo ndithu, kungoti sanakhalitse.

Ndinakonza kukhala self.x**2 + self.y**2, ndipo 5.0 anatuluka bwinobwino.

"Ndimafuna ndione ngati muli tcheru," ndinatero ndikupukuta nkhope.

Mnyamata wogona uja anadzukanso.

"Ndiye aphunzitsi, pamayeso tidzalembe 5 wa Pythagoras kapena 2.6 wanu?"