Mlatho umene walembedwa katatu

Lolemba ndinafika kuofesi chifunga cha mu Juni chisanachoke, ndipo padesiki panga panali mulu wa mapulani a midzi. Ntchito yanga kukhonsolo ndi imeneyi: kutenga zimene anthu akambirana mu VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, zikadutsa ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, n'kuzilowetsa m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse. Papepala njirayo ndi yowongoka. Mudzi ukambirana, ADC isankha zofunika kwambiri, khonsolo ivomereza, ndalama zituluka. Ndi zimene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linkafuna, zija timati mphamvu ku anthu.

Fayilo imodzi ndinaizindikira ndisanaitsegule. Pamwamba pa mndandanda pali mlatho, monga chaka chatha ndi chaka chinacho. Mtsinje wake ndi waung'ono, chilimwe umawoloka osavula nsapato, koma ukadzaza mu Januwale ana a tsidya lija amatha masabata osaponda kusukulu, ndipo mayi wodwala matenda a uchembere amanyamulidwa pa machira kuzungulira kumtunda.

Lachiwiri ndinakwera njinga yamoto kupita ku msonkhano wa ADC yakumeneko. Tinakhala m'kalasi, akuluakulu atapinda maondo pa timadesiki ta ana. Amfumu aakulu anali kutsogolo, a khansala pambali pawo, njinga yawo yakapalasa ataitsamiritsa pakhomo. Kumbuyo kunakhala mnyamata wovala jekete, woimira a phungu. Wapampando atamaliza kuwerenga mndandanda, mayi wina wa mu komiti anaimirira, namanga bwino chitenje chake.

"Bwana," anatero akuyang'ana ine, "pepala lanulo talemba katatu. Lero mutiuze chinthu chimodzi. Kuti mlathowu umangidwe, tikagwade kwa yani?"

Ndisanayankhe ndinaona mitu yonse ikutembenukira kumbuyo, kwa mnyamata wa jekete uja. Palibe amene anayang'ana a khansala, ngakhale kuti mwa onse amene anali m'chipindamo ndi iwo amene anasankhidwa kuti ayang'anire chitukuko cha wodiyo. Anangowerama n'kumalemba m'kope lawo.

Anzanga ambiri akaona zotere amati anthu sadziwa kusiyana kwa phungu ndi khansala, akufunika kuwaphunzitsa. Ine ndimakana. Mayi uja amadziwa bwino lomwe kuti phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo ku Lilongwe, wazimva pawailesi kambirimbiri. Chimene amadziwanso n'chakuti makiyi a ndalama sanakhalepo m'thumba la khansala. Makhansala oyamba m'nthawi ya zipani zambiri anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka 2014. Mwana wobadwa mu 2005 anafika sitandade 3 kapena 4 asanaonepo khansala. M'zaka zisanu ndi zinayi zomwezo, mu 2006, munabwera thumba la CDF, la chitukuko cha m'dera la phungu, ndipo mawu aakulu pa thumbalo anali a phungu. Mu 2010 lamulo linasinthidwanso, aphungu n'kupatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo. Makhansala pobwerera anapeza mpando wawo pali kale munthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anthu anaphunzira kupita kumene kumatuluka simenti.

Phungunso sindimuda msanga. Ndaonapo ndekha anthu atandanda pageti la phungu tambala atangolira: wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi, wina galimoto yotengera wodwala kuchipatala. Akangoyankha kuti ntchito yake ndi malamulo, pachisankho chotsatira sabwerera, ndipo ambiri sabwereradi. Gawo 64 la malamulo a dziko, lija linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, linachotsedwa mu 1995, kotero anthu anatsala ndi tsiku limodzi lokha pa zaka zisanu loti alankhule, ndipo patsikulo amawerenga zimene maso awo aona. Munthu amene ali pampanipani wotere ukamupatsa thumba, asankha chiyani? Asankha mijigo isanu m'midzi isanu, malata a tchalitchi, kalasi imodzi yopanda madesiki, zinthu zotha msanga zoti aimepo n'kujambulitsa. Mlatho umadya thumba lonse, umatenga nthawi, ndipo othokoza ndi a tsidya limodzi. N'chifukwa chake mlatho uja umakhala woyamba pamndandanda wa mudzi koma womaliza pa ndalama, popanda aliyense kunena kuti waukana.

Mayi uja ndinamuyankha zoona zimene ndinali nazo: kuti zinthu zili mkati mosintha, ndipo ndibweranso Lachisanu ndi injiniya. Sanakhutire, ndipo anali ndi chifukwa.

Lachitatu linapita ndi malipoti, intaneti ikudukaduka.

Lachinayi tinali ndi msonkhano wa komiti ya chitukuko, ndipo nkhani inali chigamulo cha mwezi watha. Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, pa mlandu umene linatengera kukhoti bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti n'zosemphana ndi malamulo a dziko kuti aphungu aziyendetsa nawo CDF komanso kuvota m'makhonsolo. Ndakhala m'misonkhano imeneyi kwa zaka zambiri, koma zimene ndinaona tsikuli ndinali ndisanazionepo. Makhansala amene kale ankangosayina kaundula n'kukhala chete anayamba kufunsa mitengo ya zipangizo, mayina a makontilakita, ndi chifukwa chimene ntchito ina inalipiridwa yonse denga lisanakhomedwe. Wina anapempha kuti fayilo iliyonse ibwere ndi mndandanda wa VDC womata pamwamba. Anthu ndi omwewo, mipando ndi yomweyo, ndipo palibe amene anawatengera ku maphunziro. Anangoona kuti mawu awo tsopano akhoza kusuntha kanthu.

Zinandikumbutsa 2020. Khoti litagamula pa 3 Febuluwale kuti wopambana pa upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, zipani zimene zinkanyozana pamisonkhano zinapezeka zakhala pa mkeka umodzi patangopita masabata ochepa, chifukwa 38 peresenti ya mavoti, imene inapambanitsa pulezidenti mu 2019, inali itasiya kukwanira.

Komabe sindinatuluke m'chipindamo ndi mtima wopepuka. Chisankho chinali kubwera pa 16 Seputembala 2025, ndipo khansala naye ndi wandale. Thumba likapita kwa iye popanda womuyang'anira, mzere uja ungosamuka kuchoka pageti la phungu kupita pakhomo pake. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa anthu, koma pamaliro ndani angaimirire kuti bokosi ili ndi kampeni? Ndipo ife ogwira ntchito tisadziyeretse. DC amasankhidwa kuchokera ku Lilongwe, ndalama zambiri za khonsolo zimachokeranso komweko, choncho maso athu amathamangira ku Capital Hill asanayang'ane ku wodi. Kalata yochokera ku unduna ndimaiyankha tsiku lomwelo, pamene fayilo ya mlatho yagona padesiki panga zaka zitatu. Chimene chinatembenuza mitu m'kalasi muja chimanditembenuzanso ine, ndipo zimandipweteka.

Lachisanu tinapita ndi injiniya. Madzi anali ofika m'kakolo, koma anthu anationetsa zinyalala zokola m'nthambi za mkuyu, pamwamba kuposa mutu wanga, pamene madzi anafika dzinja lapitali. A khansala anafika ife tisanafike, atavula nsapato. Mayi uja anagwira nsonga ya tepi tsidya lina, injiniya akuwerenga manambala mokweza, a khansala akulemba. Titamaliza, mayiyo anapukuta manja pachitenje, nayenda molunjika kwa a khansala.

"Bambo, nkhani imeneyi mukaikambirana liti kukhonsoloko? Ife timaloledwa kulowamo?"

Ndinawauza kuti inde, msonkhano wa khonsolo yonse anthu amaloledwa kukamvera. A khansala anang'amba pepala m'kope lawo, nalembapo tsiku ndi nthawi. Mayiyo analipinda kanayi, nalimanga kunsonga ya chitenje pamodzi ndi ndalama, kenako anayamba kufunsa anzake kuti kabaza mpaka kuboma masiku ano ndi zingati.