Tsiku Limene Ndinagwira Pagolo pa Madzi Oundana

Chimene chinandipalamulira ndi pakamwa pangapa. Tinali pa nkhomaliro kuntchito, mu Edmonton muno ku Canada, anzanga akudandaula kuti goloboyi wawo wathyoka chala ndipo Loweruka kuli masewero a hockey, aja osewera ndi ndodo pabwalo la madzi oundana. Ine, nsima yogona ili m'kamwa, ndinangoti, "Kwathu ku Dedza ndinagwira pagolo zaka 6." Sindiname ayi. Kungoti sindinatchule kuti unali mpira wa miyendo, nthawi zambiri wachikulunga, pabwalo la fumbi kuseri kwa sukulu.

Onse anasiya kutafuna. Kapitawo wathu anandigwira paphewa ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera.

Masewerowo anali osonkhetsa ndalama za odwala khansa. Mkazi wa mnzathu wina anali pa mankhwala a khansa ya m'mawere, tsitsi lonse litathothoka. Kuno ku Canada nkhani yotere sachita kuiimbira ng'oma. Mwana aliyense wa sukulu amamudziwa Terry Fox, mnyamata amene khansa inamudulitsa mwendo koma mu 1980 anathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143 ndi mwendo woikirira. Ngakhale pafupi pompano, cha ku Sherwood Park, anthu wamba 40 anasewera hockey maola 252 mosinthana mu February 2021 posonkhetsa ndalama zolimbana ndi khansa, kunja kukuzizira koopsa. Inenso ndinaika m'manda azakhali anga amene anandilera, khansa ya khomo la chiberekero itawadya. Ndiye ndikanabweza bwanji mawu?

Madzulo ndinawerengera. Golo la mpira wathu ndi lotambalala mamita 7 ndi kanthu. La hockey silikwana n'komwe mamita 2, ndipo msinkhu wake umandilekeza pachifuwa. Ndinawauza mayi a kunyumba kuti kagolo koteroko ndikhoza kukatseka ndi mimba yokha. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo a mwana, inu amene mumagwa pakhonde pomwepa chisanu chikangoyamba?"

Ndinawayankha kuti goloboyi sathamanga, amangoima.

Loweruka anandipatsa chikwama chachikulu ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50. Munali zotchinga miyendo zonga matiresi, chovala pachifuwa, chigoba chakumaso cha waya, golovesi imodzi yonga lichero, ina yonga thabwa, ndi nsapato zokhala ndi mpeni kunsi. Zonse ndinavala poonera anzanga. Pansi pa chikwama panatsala kachipulasitiki kobulungira, kabowobowo, kofanana ndi kasefa ka tiyi. Ndinakayesa pamphuno, sikanakwane. Pachigongono, ayi. Kufunsa ndinachita manyazi, munthu wa zaka 6 pagolo. Ndinakabwezera m'chikwama. Safunsa anadya phula, akulu sananame.

Oulutsa mawu atatchula dzina langa, analipotoza moti ndinayamba ndacheuka kuona amene akumuitana. Kenako ndinaponda pabwalo. Phazi lamanja linalowera ku Calgary, lamanzere linatsala pakhomo. Phii! Chagada. Holo yonse inaomba m'manja poganiza kuti ndi nthabwala yokonzeratu. Ndinayesa kudzuka, koma ndi matiresi awiri m'miyendo munthu umangopalasa ngati kamba wotembenuzidwa. Osewera awiri anandigwira m'khwapa nkundikhwekhwereza mpaka pagolo, nkundiimika ngati chiopsezo cha mbalame m'munda wa mapira. Ndinakolowekera mkono ku chitsulo cha golo ndipo ndinalumbira kuti imfa yokha ndiyo itilekanitse.

Za kampira kawo ndinene pang'ono, chifukwa palibe anandichenjeza. Si mpira ayi. Ndi kambale kakuda ka labala wolimba, kolemera magalamu pafupifupi 170, ndipo kakazizira kamauma gwa ngati mwala wa mphero. Mpira wachikulunga umauona ukubwera, umakhala ndi nthawi yopemphera. Aka sikaoneka. Umangomva anthu akukuwa, ukacheuka kali mu ukonde kumbuyo kwako, kakupuma.

Chigoli choyamba chinalowa ndisanamalize kukonza chigoba. Chachiwiri chinadutsa pakati pa miyendo. Chachitatu ndinachita kuchithandiza ndekha ndi ndodo. Chodabwitsa n'chakuti ochemerera a timu yathu yomwe ankalumpha ndi chimwemwe chigoli chilichonse chikalowa. Ndinati anthu a dziko lino ulemu wawo wafika pa matenda.

Chigawo choyamba chitatha ndinayamika Mulungu, osadziwa kuti zigawo zilipo 3 ndipo magoloboyi amasinthana mbali. Golo lina linali uko, mamita oposa 50, pakati pali chipululu choterera. Ndinayamba ndi kugwira khoma. Khoma litandilekerera, ndinakwawa. Kamtsikana kena ka zaka ngati 7, kovala jezi yofika m'mawondo, kanalowa ndi chimango chimene ana amagwira pophunzira kutsetsereka, nkundipatsa mwaulemu. Bambo wa ana atatu, wa imvi m'ndevu, ndinawoloka bwalo ndikukankha chimango cha ana, kamtsikanako kakundizungulira chobwerera m'mbuyo.

M'chigawo chachiwiri ndi mmene ndinakumbukira kuti ndine mwana wa ku Dedza. Mdala wina wa timu inayo, wopuma pantchito, anabwera yekhayekha, nakweza ndodo. Ndinasiya chitsulo chija, ndinatambasula manja, ndinakhanyula miyendo monga ndinkachitira pa penate. Ndipo ndinaugwira! Kungoti sindinaugwire ndi golovesi. Kambale kaja kanapita molunjika pamalo pamene kasefa ka tiyi kanayenera kukhala.

Abale anga, ndinaona nyenyezi masana. Ndinaona phiri la Dedza, ndinaona agogo anga amene anamwalira kalekale akundikodola. Ndinafuna kukuwa koma mawu anatuluka ngati a mwana wa mphaka. Woimbira anandiweramira nkufunsa ngati ndavala chotetezera. Ndinamulozera chigoba chakumaso. Anagwira pakamwa, kenako anapita kukauza benchi yonse, ndipo benchi inagwa pansi ndi phwete. Anandibweretsera thumba la ayezi. Tangoganizani, munthu wagona pa madzi oundana bwalo lonse, akumubweretseranso ena m'thumba.

Ndinakana kutuluka, osati chifukwa cha chamuna, koma pakhomo panali patali.

Wezulo yomaliza italira ndinali nditamwa zigoli 17. Ndinkayembekeza kuti Lolemba kuntchito andisala. M'malo mwake osewera a matimu onse awiri anabwera kudzandimenya ndodo pa matiresi aja, umene ndi moni wawo kwa goloboyi. Mayi wodwala uja anatsika atavala kachipewa ka ulusi, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, nandikumbatira. Anati chiyambire mankhwala anali asanasekepo choncho.

Apa ndi pamene kapitawo anandiululira. Eni mashopu ndi anthu ena analonjeza kupereka ndalama pa chigoli chilichonse cholowa, kaya mbali iti. Goloboyi wothyoka chala uja, akuti, ankagwira kwambiri moti chaka chatha ndalama zinachepa. Kapitawoyo atangomva za Dedza anadziwa kuti mwayi wagogoda. Anandionetsa pepala la malonjezo. Pamzere wachitatu panali dzina la mayi a kunyumba: madola 10 pa chigoli chilichonse chimene amwe amuna awo.

Pobwerera anayendetsa galimoto ndi iwo, ine ndili kumpando wakumbuyo, thumba la ayezi lili pamalo pake. Ndinawafunsa kuti madola 170 awatenga kuti.

"Mu botolo lija mumasungiramo ndalama zogulira TV yaikulu," anatero, maso ali pamsewu. "Ndipo chaka chamawa ndalemba madola 20."