Matailosi a pabalaza agwira, koma polishi wakale wandidyera masiku asanu ndi limodzi

Dzulo madzulo ndagogoda matailosi onse a pabalaza ndi chogwirira cha hamala, limodzi ndi limodzi, ndipo palibe ngakhale limodzi lomwe lalira ngati chigubu chopanda madzi. Masabata awiri apitawo nkhani inali ina.

Chipindacho ndi cha mamita 4 kwa 5, ndipo ndinagula makatoni 16 a matailosi a masentimita 60 kwa 60, awiri mwa iwo kukhala oonjezera poopa osweka ndi odula m'mphepete. Ndinayala mizere itatu yoyamba mosamala, levulo ikuonetsa bwino, mipata ya mamilimita atatu ili yofanana. Patapita masiku awiri ndinaponda pakona, ndipo tailosi linatukuka lonse pamodzi ndi simenti yake yomatira, pansi n'kutsala poyera ngati sindinaikepo kanthu. Poyamba ndinaloza chala simentiyo, kenako ndinaganiza kuti mwina ndinachulutsa madzi posakaniza, mpaka ndinagula thumba lina n'kuyesanso pa matailosi awiri, koma nawonso anakana.

Vuto linali pansi penipenipo. Nyumbayi ili ndi simenti yofiira yosalala ija ya masiku akale, ndipo amayi anga akhala akuipaka polishi Loweruka lililonse kwa zaka zoposa 20. Phula la polishiyo linalowerera m'simenti, choncho chilichonse chomwe ndimayala chimakhala pamwamba pa phula osati pa konkire. Ndinatsimikiza nditadontheza madzi pansi, chifukwa m'malo molowa, madziwo anangoundana timadontho tozungulira ngati pa tsamba la koko. Kutsuka ndi sopo waufa ndi madzi otentha kunangoyeretsa pamwamba pokha. Galainda inkathandiza ndithu, koma fumbi lofiira linadzaza nyumba mpaka m'kabati ya mbale, ndipo magetsi akazima ntchito imaima, motero mbali yaikulu ndinaigoba ndi hamala ndi tchizulo, tizibowo tothithikana, kufikira simenti yotuwa itaonekera ndipo madzi atayamba kulowa. Ntchito imeneyi yokha inatenga masiku asanu ndi limodzi, ndipo matuza a m'manja sanapolebe.

Nditasesa ndi kutsuka fumbi lonse, ndinapaka mankhwala ogwiritsa simenti yatsopano pa yakale, ndipo ulendo uno ndinayala simenti yomatira pansi ndi chipande cha mano komanso kupaka pang'ono kumbuyo kwa tailosi lililonse. Anthu ena amaika timilu tisanu ta simenti yomatira, m'makona ndi pakati, pofuna kupulumutsa thumba, koma ine njira imeneyo sindiikhulupirira pa matailosi aakulu chonchi, chifukwa mwendo wa sofa ukagwera pamphako tailosi limasweka.

Matailosi asanu anasweka pozula, ndipo apa ndi pomwe makatoni oonjezera aja anandipulumutsa. Ndimakonda kugula ku Malangalanga kwa bambo wina amene amalola kuti munthu aone nambala za makatoni asanalipire, kuti atsimikize kuti matailosi onse ndi ofanana mtundu. Nditaika matailosi pakhonde chaka chatha ndinagula kawiri m'masitolo osiyana, ndipo mpaka lero dzuwa likawomba mbali ina imaoneka yoderako.

Grout, simenti yotsekera mipata ya pakati pa matailosi, sindinaike, popeza ndikadakayika pakati pa yotuwa ndi yoyera, ngakhale ndikudziwa kuti yoyera singalimbe ndi dothi lofiira la kuno ku Lilongwe. Ndikufuna kuti mvula isanayambe ndikhale nditamaliza khitchini, kolido ndi siling'i ya pabalaza, koma kukhitchini ndi komwe amayi ankapaka polishi kwambiri.