Mmene ndinagawira timu imodzi mphamvu zonse za ligi

Gemu ya baseball imene ndimasewera pa kompyuta inabwera ndi ndandanda wa osewera wa chaka chatha, ndiye ndinati ndiukonze ndekha. MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, ili ndi matimu 30, iliyonse ndi ndandanda wa anthu 40, ndipo mwa iwowa 26 okha ndiwo amavala yunifolomu, oponya mpira osapitirira 13. Onse pamodzi ndi anthu 1,200. Kuwakonza mmodzimmodzi mkati mwa gemu n'kutola mapira ndi zala, choncho ndinatulutsa fayilo ya CSV n'kuitsegula mu spreadsheet.

Chizindikiro choyamba cha mavuto chinali dzina la Acuña, wosewera wa timu ya Atlanta, limene linasanduka AcuÃ±a. Zimatero fayilo ya UTF-8 ikatsegulidwa ngati ya mtundu wina: zilembo ngati ñ ndi é zimabalalika. Ndinazikonza, n'kudziona katswiri.

Kenaka maluso. Ofufuza osewera amayeza kuyambira 20 mpaka 80, ndipo 50 ndiye wosewera wamba. Munthu akakonda timu amangopatsa aliyense 65, ligi yonse n'kupenga. Ine ndinasamala ndithu. Masabata atatu, usiku uliwonse, kuyeza mphamvu zomenyera, liwiro, dzanja loponyera, kupirira kwa oponya asanu oyamba masewera.

Tsiku lomaliza ndinafuna kungoona amene ali ndi mphamvu zambiri. Ndinadina kolamu ya mphamvu yokha, n'kuiuza kuti isanje kuchokera pamwamba. Pulogalamu inandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti makolamu enawo atsatire. Sindinawerenge. Ndinavomera kusanja imodzi yokhayo, ndinasunga pamwamba pa fayilo yakale, n'kukagona ndikumwetulira.

Tsono fayilo ija inandandalika matimu potsata zilembo, Arizona pamwamba, Washington pansi. Manambala anasuntha, mayina anakhala pomwepo. Ma 80 ndi ma 70 onse anathera ku Arizona, ma 20 onse ku Washington.

Sindinadziwe. Ndinayendetsa masewera onse 162 nthawi imodzi, tiyi ali m'manja. Aaron Judge wa New York Yankees, munthu amene anamenya ma home run (kumenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo) 62 mu 2022, anatha chaka ndi 14, chifukwa New York ili chakumunsi kwa fayilo ndipo anagawiridwa 45. Kamnyamata ka ku Arizona kongolowa m'malo mwa ena kanamenya 58. Anthu a ku Washington mpira sunkawadutsa woponya. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ma 80 ena anagwera oponya mpira, pomwe chiyambire 2022 oponya samenyanso m'maligi onse awiri a MLB. Mphamvu zinangoola ngati mango a mu Disembala.

Kompyuta nayo, popeza ndinaisiyira ufulu woyendetsa matimu, inachita zomveka. Inaona akatswiri a Washington ngati nkhuku zodwala chitopa, inatsitsira ena ku Triple-A, ligi yapansi pa MLB. Amene zaka zawo zitatu zololedwa kutsitsidwa zinatha inawaika pa waivers, mndandanda wa osewera amene timu iliyonse ingawatenge, matimu ena n'kuwatola ulele.

Ndinathamangira ku spreadsheet kukadina Ctrl+Z, mabatani obwezera zinthu mmene zinalili. Fayilo ikatsekedwa, zimenezo zimakhala zitapita. Ndinafufuza kope lina m'kompyuta monse, ndipo ndinapezadi limodzi, lolembedwa "yomaliza yeniyeni 2". Ndinalitsegula mtima uli m'mwamba. Pamzere wa Atlanta panali AcuÃ±a, akundidikira.