Nyenyezi yanga yowala ngakhale pansi pa bulangeti

Inde, chithunzi chija cha kadontho kofiira komwe ndinkati ndi nyenyezi yophulika ndinatumiza ndine. Musanayambe kuseka, mundimve kaye.

Ndinkasaka SN 2023ixf, nyenyezi yomwe inaphulika mu mlalang'amba wa M101. Anaitulukira pa 19 May 2023 ndi Koichi Itagaki wa ku Japan, wongokonda zakumwamba ngati ife tomwe. Kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 21 miliyoni kuti kudzandichititse manyazi ine. M101 ili pafupi ndi nyenyezi za Mizar ndi Alkaid, kumchira kwa gulu la nyenyezi lotchedwa Big Dipper, koma ndi yotuwa ngati utsi. Ndinamangirira kamera pa telesikopu: masekondi 60 chithunzi chilichonse, ISO 1600 (muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala), zithunzi 40.

Pa sikirini panatuluka kadontho kofiira psuu, kakuthwa ngati nsonga ya singano. Ndinakuwa mpaka agalu a anthu anandiyankha. Ndinakazunguliza mzere n'kukutumizirani nonse, ndi mawu aja akuti "Nayo!"

Kenako ndinajambula ma dark frame. Mumavindikira telesikopu n'kujambula mdima, masekondi omwewo, ISO yomweyo, kamera isanazizire, kuti pulogalamu ichotse zilema za sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera.

Chivindikiro chili chotseka, kadontho kali pomwepo.

Apa ndiulule: sindinakayikire kamera. Ndinagoma nayo nyenyeziyo. Mphamvu zotani izi, zoboola pulasitiki? Ndinaveka telesikopu chipewa changa. Ikuwalabe. Ndinachotsa kamera, kulowa nayo m'nyumba, kufunda nayo bulangeti. Ikuwalabe, malo omwewo. Ndinakhala m'bulangetimo ndikuganiza kuti asayansi akabwera ndiwauza chiyani.

Inali hot pixel, kachidutswa kamodzi ka sensa komwe kamayaka kokha mukajambula nthawi yaitali. Zizindikiro ndinkazidziwa ndithu. Imakhala yofiira, yobiriwira kapena yabuluu yokhayokha, m'mbali mwake mulibe kufifia kwa nyenyezi yeniyeni, ndipo mukasinthasintha zithunzi, nyenyezi zonse zimasuntha pang'ono, iyo ili chiimire. Koma 2 koloko usiku, munthu wazizidwa, maso ali gwa, ndani amakumbukira zimenezo? Ena a inu munaika timitima pa chithunzicho, mayina ndili nawo.

Nyenyezi yophulikayo inalimo m'chithunzimo nthawi yonseyi: yoyera, ya magnitude 11 (muyeso wa kuwala kwa nyenyezi), pafupi ndi mtambo wa mpweya wowala wa mu M101 wotchedwa NGC 5461, kunja kwa mzere wanga uja.

Chipewa ndinachiiwala panja. Chinanyowa ndi mame.