Foni imawerenga masekondi, siidziwa kuti mukudwala

Munthu amene akulimbana ndi anorexia (kudzimana chakudya poopa kunenepa), bulimia (kudya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa) kapena vuto lodya mosadziletsa amadabwa kuona TikTok yake itadzaza ndi anthu owonda ndiponso mbale zoyezedwa pa sikelo. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamuyi siisiyanitsa vidiyo imene yakusangalatsani ndi imene yakupwetekani mtima. Imangoona kuti mwaimapo masekondi angati, mwaibwereza kangati, mwatsegula ndemanga kapena ayi. Ngakhale mulembe mokalipa, iyo imati mukufuna ina yofanana nayo. Makampani a mapulogalamu otere amazidziwa izi: mu 2021, Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, anatulutsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo zosonyeza kuti pulogalamu yake ya Instagram inkachititsa atsikana ena kudana kwambiri ndi matupi awo.

Ndiye musakangane nayo vidiyoyo. Pa TikTok, dinani ndi kugwira pa vidiyo, musankhe "Not interested", mupitirire osaitsiriza. Mu Settings, pa Content preferences, muli malo osefera mawu. Lembanimo monga diet, calories, weight loss ndi fasting. Pomwepo pali batani loyambitsanso tsamba la For You, limene limakusankhirani mavidiyo, ngati zafika poipa. Pa Instagram, Hidden Words imabisa ndemanga zokhala ndi mawu amene mwasankha, ndiponso mauthenga otere ochokera kwa anthu amene simuwatsatira. Koma sefa imeneyi imadontha, chifukwa olimbikitsa kudzimana chakudya amalemba mawu molakwitsa dala kuti adutse. Kuti tsamba lisinthe ndithu, mulipatse china choti liwerenge: kwa masiku angapo, onerani mpaka kumapeto mavidiyo a mpira, kwaya, kusoka, chilichonse chosakhudza thupi.

Chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti masamba a anthu amene akuti akuchira nawonso amavulaza. Matendawa ali ndi kampikisano. Munthu akaika chithunzi cha nthawi imene anawonda kwambiri, kapena kutchula makilogalamu amene anafikapo, wodwala mnzake samvapo chilimbikitso. Amaona nambala yoti aipose, mwinanso kuganiza kuti iyeyo sanadwale mokwanira kuti athandizidwe. Tsamba lililonse lotchula manambala kapena loonetsa zimene munthu wadya tsiku lonse, lisiyeni. Ngati ndi m'bale wanu ndipo mukuopa mkangano, pa Instagram dinani Mute kuti zoika zake zisamaoneke kwa inu, sadzadziwa.

Pa WhatsApp vuto ndi ma status a ogulitsa tiyi wochepetsa thupi. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Chimene chimachoka ndi madzi, osati mafuta, ndipo potaziyamu, mchere wofunika kuti mtima uzigunda bwino, amatsika m'magazi. Kwa munthu amene amadzisanzitsa kale, zimenezi zingasokoneze kagundidwe ka mtima. Status ya wogulitsayo ibiseni.

Chenjeraninso ndi mlendo wobwera ku inbox n'kudzipereka kukhala "coach" wanu, n'kumapempha zithunzi za thupi kuti aziona mmene mukuwondera. Ena amadzagwiritsa ntchito zithunzizo kukuopsezani. Jambulani mauthengawo, mumutsekere, mumunene ku pulogalamuyo, ndipo muuze munthu wamkulu amene mumamudalira.

Nthawi yovuta kwambiri ndi mukangotha kudya, pamene mtima ukukutsutsani. Siyani foni m'chipinda china kwa ola limodzi, mukhale ndi anthu. Mukayamba kukomoka, mtima kugunda modukizadukiza, kapena kuona magazi m'masanzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze mosabisa zonse zimene mwakhala mukumwa ndi kuchita.